Matateu: mnyamata wa mpira wansanza amene adalambulira njira Eusébio

Anthu akakhala pansi kukambirana za akatswiri a mpira wamiyendo amene dziko lino la Moçambique lidabala, dzina loyamba kutuluka pakamwa ndi la Eusébio, ndipo ena okumbukira bwino amaonjezerapo Mário Coluna. Izi nzoona ndithu, koma awiriwa asanatchuke padali munthu wina amene adayamba kuyenda njirayo udzu ukadali ndi mame. Munthuyo ndi malemu Sebastião Lucas da Fonseca, amene anthu onse ankamudziwa ndi dzina loti Matateu. Mbiri yake njofunika kuti achinyamata a m'maboma athu a m'malire, kuyambira ku Angónia, Tsangano ndi Macanga mpaka ku Milange ndi Mandimba, aidziwe, chifukwa m'moyo wa munthu mmodziyu tikuonamo m'mene mpira wa dziko lino udachokera pa masewera ongosangalatsa anthu Lamulungu masana n'kusanduka ntchito yolandirapo malipiro.

Matateu adabadwa pa 26 Julayi 1927 mumzinda wa Lourenço Marques, umene lero timautcha Maputo. Masiku amenewo mzindawu udali wogawikana pawiri. Mbali ina kudali nyumba za simenti, misewu yabwino ndi magetsi, kumene kunkakhala Apwitikizi ndi azungu ena. Mbali inayo kudali midzi ya nyumba za bango ndi malata monga Mafalala, Xipamanine, Chamanculo ndi Munhuana, kumene kunkakhala anthu akuda ogwira ntchito padoko, kunjanji ndi m'nyumba za azungu. Munthu wakuda ankalowa mbali ya simenti kukagwira ntchito, koma kukada ankayenera kubwerera kwawo. Mpira nawo udali wogawikana chimodzimodzi.

Masewerawa adafika ku Lourenço Marques kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Adabwera ndi Angelezi a malonda ndi a sitima zapamadzi amene ankaima padoko, ndipo adafalikira pakati pa anthu akuda kudzera m'sukulu za mishoni ndiponso kudzera mwa amuna obwerera kuchokera kumigodi ya ku Joni, amene adauona mpira ukuseweredwa kumeneko. Posakhalitsa matimu akuluakulu adayamba kukhazikitsidwa mbali ya simenti: 1º de Maio mu 1917, Sporting mu 1920, Desportivo mu 1921 ndi Ferroviário, timu ya kampani ya njanji, mu 1924. Matimuwa adali pansi pa bungwe la mpira la atsamunda la mumzindawo, ndipo khomo lawo silidali lotsekukira aliyense.

Akuluakulu athu akukumbukira kuti malamulo a Apwitikizi ankagawa anthu m'magulu. Ambiri a ife tinkatchedwa indígena, ndiye kuti munthu wa chibalo, wa msonkho ndi wa mbalamatodya. Owerengeka okha, amene ankadziwa kulankhula ndi kulemba Chipwitikizi ndipo adali ndi ntchito yodziwika, ankatha kupatsidwa chikalata cha assimilado. Mnyamata wakuda wopanda chikalata chimenechi, ngakhale akhale waluso chotani, kudali kovuta kwambiri kuti avale yunifomu ya matimu a mbali ya simenti. Nchifukwa chake mu 1924 anthu a m'midzi ya bango adakhazikitsa bungwe lawolawo, lotchedwa Associação de Futebol Africana, ndi kuyamba ligi yawo. M'menemo munkasewera matimu monga Beira-Mar, Mahafil Isslamo, Vasco da Gama ndi João Albasini.

Mpira wa m'ligi imeneyi tingaufanizire ndi umene timaona m'midzi mwathu muno. Padalibe wolandira malipiro. Osewera adali anthu onyamula katundu padoko, amisiri, ophika ndi amesenjala, amene ankakonzekera masewera madzulo ataweruka. Ndalama zogulira mpira ndi yunifomu zinkachokera m'matumba mwa mamembala ndi ochemerera. Mabwalo adali amchenga, ndipo lotchuka kwambiri lidali la ku Xipamanine, kumene Lamulungu kunkasonkhana chinamtindi cha anthu. Monga zimakhalira kwathu kuno, matimu ambiri sankalowa m'bwalo pa masewera akulu asadaonane ndi sing'anga. Koma luso lidalipo lochuluka, chifukwa mwana wophunzirira mpira pamchenga, wopanda nsapato, amadziwa kuusunga pafupi ndi phazi ndiponso kuzemba mdani pamalo ochepa.

M'mera mpoyamba. Matateu adakulira m'mpira woterewu, kumenya mpira wansanza ndi anzake, umene ana athu amautcha chikulunga. Atasinkhuka adalowa timu ya João Albasini. Dzina la timuyi lidali lokumbukira mtolankhani wotchuka wa mumzindawo, amene adamwalira mu 1922, yemwe adayambitsa nawo nyuzipepala za O Africano ndi O Brado Africano zimene zinkadzudzula chibalo ndi nkhanza zina za atsamunda. Choncho kuvala yunifomu ya timuyi kudali ndi ulemu wake pakati pa anthu akuda. Kumeneko ndi kumene mbiri ya mnyamata woopsa pagolo idayamba kumveka, mpaka kufika m'makutu mwa akuluakulu a mbali ya simenti.

Kuchoka ku João Albasini, Matateu adapita ku 1º de Maio, imodzi mwa matimu a bungwe la atsamunda. Ili lidali phazi loyamba lolowera ku mpira wopindulitsa. Ngakhale kumeneko mpira sudali ntchito yeniyeni, matimu akuluakulu adali ndi njira yawo yokopera osewera abwino: ankawapezera ntchito. Timu ngati Ferroviário inkalemba osewera ake ntchito kunjanji, ndipo ena ankapezeredwa malo m'masitolo kapena m'maofesi. Malipiro ankalembedwa kuti ndi a ntchitoyo, koma aliyense ankadziwa kuti chenicheni chimene munthuyo adalembedwera ndi miyendo yake. Patapita nthawi Matateu adakasewera ku Manjacaze, m'chigawo cha Gaza, kutali ndi mzinda waukulu, ndipo zinkaoneka ngati mbiri yake ithera komweko monga zidathera za anzake ambiri aluso amene lero palibe akuwakumbukira.

Mwayi udadza kudzera mwa João Belo, amene kale adasewererapo timu ya Belenenses ya ku Lisboa ndipo panthawiyo ankakhala ku Moçambique. Iyeyu ataona kasewero ka Matateu adadziwitsa akuluakulu a timu yake yakale kuti kuno kuli munthu wosayenera kumusiya. Motero mu 1951 Matateu adanyamuka kupita ku Portugal. Adali ndi zaka 24, msinkhu umene masiku ano ambiri anganene kuti wachedwa, pakuti Coluna adapita ali ndi zaka 19 ndipo Eusébio ali ndi zaka 18. Zaka zabwino zingapo za unyamata wake zidali zitathera kale m'mabwalo a mchenga.

Ku Portugal nako mpira udali pakati pa njira. Osewera a matimu akuluakulu ankalandira kangachepe, koma ambiri adali ndi ntchito zina zodalira, ndipo boma la Salazar silinkafuna kuvomereza poyera kuti mpira ndi ntchito. Kusintha kwakukulu kudayamba mu 1954, pamene mphunzitsi wa ku Brasil, Otto Glória, adafika ku Benfica ndi kukhazikitsa dongosolo loti osewera azikhalira mpira wokha. Lamulo lovomereza osewera olipidwa lidatuluka mu 1960. Choncho Matateu adafika nthawi imene zinthu zinkasintha, ndipo iye, amene adachoka kwawo chifukwa cha mpira basi, adali m'gulu la anthu oyambirira ochokera kuno kudya za miyendo yawo.

Belenenses, timu ya yunifomu yabuluu ya dera la Belém m'mphepete mwa mtsinje wa Tejo, inkawerengedwa pakati pa matimu anayi akuluakulu a dzikolo pamodzi ndi Benfica, Sporting ndi Porto. Kumayambiriro kwa ligi ya 1951 timuyi idakumana ndi Sporting, imene panthawiyo idali akatswiri a ligi ndipo inkaopedwa ndi aliyense. Masewerawo adachitikira pa bwalo la Salésias, kwawo kwa Belenenses. Mlendo wochokera ku Moçambique uja adagoletsa zigoli ziwiri, ndipo Belenenses idapambana 4-3. Masewera atatha, ochemerera adalowa m'bwalo ndi kumunyamula pamapewa. Tangoganizani, abale, munthu wakuda amene kwawo sakadaloledwa kukhala mpando umodzi ndi mzungu, ku Lisboa azungu omwewo adamusenza m'mwamba.

Amene adamuona akusewera amafotokoza kuti adali munthu wamphamvu, waliwiro, wodziwa kudutsa otchinga kumbuyo awiri kapena atatu, ndipo akaumenya mpira kulunjika pagolo, goloboyi ankangoumvera kumbuyo. Mu ligi ya 1952/53 adagoletsa zigoli 29, kuposa wina aliyense, ndipo adakhala munthu woyamba kulandira mphotho ya Bola de Prata, imene nyuzipepala ya zamasewera ya A Bola idayamba kupereka chaka chimenecho kwa wogoletsa zigoli zambiri. Mu 1954/55 adabwerezanso, ulendo uno ndi zigoli 32. Pa zaka zonse zimene adakhala ku Belenenses adagoletsa zigoli zoposa 200 mu ligi yaikulu ya Portugal, ndipo adachita zimenezi m'timu yosalemera ngati Benfica kapena Sporting.

Chaka chomwecho cha 1955 chidamubweretsera chisoni chachikulu. Belenenses idatenga ligi kamodzi kokha, mu 1946, ndipo ulendo uno idafika pa masewera omaliza ili patsogolo. Chinkafunika ndi kugonjetsa Sporting pa Salésias basi. Nthawi itatsala pang'ono kutha, Belenenses inkatsogola 2-1, ndipo ochemerera adali atayamba kale chikondwerero. Kutatsala mphindi zinayi, wosewera wa Sporting dzina lake Martins adabweza chigoli. Masewera adathera 2-2, ndipo ligi idapita ku Benfica, imene idafanana mapointi ndi Belenenses. Umo ndi m'mene chikho cha ligi chidapulumukira m'manja mwa Matateu, ndipo mwayi wotere sudabwererenso m'moyo wake wonse.

Popeza masiku amenewo Moçambique inkawerengedwa ngati gawo la Portugal, Matateu adaitanidwa ku timu ya dziko la Portugal. Masewera ake oyamba adali mu Novembala 1952 polimbana ndi Austria, ndipo onse pamodzi adasewera masewera 27 ndi kugoletsa zigoli 13. Tsiku losaiwalika lidali la 22 Meyi 1955 mumzinda wa Porto. Portugal idali isadagonjetsepo England chiyambire, ndipo mu 1947 Angelezi adaikwapula 10-0 pakhomo pake pomwe ku Lisboa. Tsiku limenelo Portugal idapambana 3-1, José Águas atagoletsa ziwiri ndipo Matateu chimodzi. Dziko lonse la Portugal lidakondwera. Koma tisaiwale kuti m'zaka zomwezo kuno kwathu asipayi ankagwirabe anthu a chibalo, amayi ankalimitsidwa thonje mokakamiza, ndipo mabanja ambiri a m'maboma athu ano ankathawira ku Nyasaland ndi ku Rhodesia. Mwana wa Moçambique ankakweza mbendera ya anthu amene ankapondereza abale ake, chifukwa mbendera yakeyake adalibe.

Kupambana kwa Matateu kudatsekula maso a matimu a ku Portugal. Adazindikira kuti m'midzi ya bango ya ku Lourenço Marques muli chuma chosakumbidwa, ndiponso chotsika mtengo. Mu 1954 Benfica idatenga Mário Coluna kuchokera ku Desportivo pamodzi ndi goloboyi Costa Pereira, mzungu wobadwira ku Nacala. Chaka chomwecho Belenenses idatenga mng'ono wake wa Matateu, Vicente Lucas. Mu 1958 Hilário adapita ku Sporting, ndipo kumapeto kwa 1960 Eusébio, mwana wa ku Mafalala, adafika ku Benfica. Boma la atsamunda nalo lidaona phindu, chifukwa maiko ena akamalidzudzula linkaloza osewerawa ngati umboni woti kulibe tsankho. Mu 1959 bungwe lija la mpira wa anthu akuda lidathetsedwa, matimu ake ena n'kulowetsedwa m'magawo apansi a bungwe la atsamunda. Khomo lidatsekuka ndithu, koma ligi imene idalera Matateu idafera pomwepo.

Chikho chachikulu chimene Matateu adachigwira ndi manja chidabwera mochedwa, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 33. Mu Julayi 1960 Belenenses idafika mu ndime yomaliza ya Taça de Portugal, ndipo mdani adali Sporting yomwe ija. Mphunzitsi wa Belenenses panthawiyo adali Otto Glória. Belenenses idapambana 2-1, ndipo chigoli chachipambano adagoletsa ndi Matateu, mng'ono wake Vicente ali m'timu yomweyo. Motero ana awiri a nyumba imodzi ya ku Lourenço Marques adabweza pang'ono misozi ya 1955. Chaka chomwecho, m'mwezi wa Meyi, Matateu adasewera masewera ake omaliza m'timu ya dziko la Portugal polimbana ndi Yugoslavia.

Apa ndi pamene mbali ina ya mpira wamalipiro imaonekera. Timu imakukonda pamene miyendo ikuthamanga, ndipo ikayamba kulemera maso a akuluakulu amatembenukira kwa achinyamata. Mu 1964, atatumikira zaka 13, Matateu adachoka ku Belenenses. Pamene Portugal idapita ku chikho cha dziko lonse ku England mu 1966 ndi kuthera pa nambala 3, m'timumo mudali ana anayi a Moçambique: Coluna amene adali kaputeni, Eusébio amene adagoletsa zigoli 9, Hilário ndi Vicente. Amene adawalambulira njira mudalibe, pakuti adali ndi zaka pafupifupi 39. Vicente naye sadakhalitse, chifukwa chaka chomwecho adavulala diso pa ngozi ya galimoto ndipo mpira wake udathera pomwepo.

Matateu sadasiye mpira. Adapita ku Atlético, timu ina ya ku Lisboa imene idali mu ligi yachiwiri, ndipo adaithandiza kubwerera mu ligi yaikulu. Kuchoka apo adatsikira ku matimu ang'onoang'ono a Gouveia ndi Amora. Malipiro a osewera a nthawi yake sadali ngati a masiku ano amene timamva pawailesi, ndipo iye adali munthu wansangala, wokonda kucheza ndi anzake. Ochemerera a Belenenses mpaka lero amasimba za chikondi chake pa botolo la mowa wozizira. Chimene ankachidziwa kuposa china chilichonse chidali mpira. Choncho cha m'ma 1970, ali ndi zaka zoposa 40, adaoloka nyanja kupita ku Canada, kumene kudali Apwitikizi ambiri osamukira kumeneko. Adasewera timu ya First Portuguese ya mumzinda wa Toronto, kenaka Sagres ya mumzinda wa Victoria, ndipo adapitiriza kulowa m'bwalo mpaka atapitirira zaka 50. Munthu amene adayambira mpira wongodzisangalatsa pamchenga adamalizira pa mpira wofanana nawo, m'dziko la chisanu.

Adamwalira pa 27 Januwale 2000 ku Victoria komweko ali ndi zaka 72. Phulusa la thupi lake lidatengedwa kupita ku Lisboa, kumene lidaikidwa kumanda a Ajuda, pafupi ndi dera la timu imene adaitumikira. Ku Belém dzina lake ndi lalikulu mpaka lero, ndipo ochemerera amamuwerengera pakati pa osewera opambana onse amene adavalapo yunifomu yabuluu. Akuluakulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, koma mwana wa Lourenço Marques uyu adagona kutali ndi kumene kudakwiriridwa mchombo wake, ndipo ana ambiri a dziko lino sadziwa n'komwe dzina lake.

Njira imene adalambula sidamere udzu. Dziko litalandira ufulu mu 1975, ligi yoyamba ya Moçambique yodzilamulira idaseweredwa mu 1976 ndipo idatengedwa ndi Textáfrica ya ku Chimoio. Timu ya dziko, Mambas, idafika koyamba ku chikho cha Africa mu 1986. Mu 1987 Chiquinho Conde, mwana wa ku Beira, adapita ku Belenenses komwe kuja kwa Matateu, adatenga nayo Taça de Portugal mu 1989, ndipo mu 2021 adasankhidwa kukhala mphunzitsi wa Mambas. Reinildo Mandava adatenga ligi ya ku France ndi timu ya Lille mu 2021, ndipo Geny Catamo adatenga ligi ya Portugal ndi Sporting mu 2024. Kusiyana kwake nkwakuti awa, poitanidwa ku timu ya dziko, adavala yunifomu ya Moçambique, chinthu chimene Matateu sadachilawe. Mpira wamalipiro udafikanso m'chigawo cha Tete, pamene União Desportiva do Songo idatenga ligi ya Moçambola mu 2017, mu 2018 ndi mu 2022.

Tsono ife a m'midzi ya m'malire titolepo chiyani? Choyamba, Matateu sadatulukire kuthengo. Adaleredwa ndi timu ya anthu osauka amene ankasonkha ndalama zawo, adali ndi bungwe, ligi ndi tsiku lodziwika la masewera, kotero kuti munthu wofuna osewera ankadziwa kokawapeza. Mnyamata waluso wa ku Dómuè kapena ku Furancungo sangaoneke ngati matimu a m'dera lake amangokumana pakakhala mbuzi yolimbirana, kenaka n'kubalalika masewera atathera m'ndewu. Chachiwiri, makolo ndi anyamata adziwe kuti ntchito ya mpira ndi yaifupi. Vicente idamuthera tsiku limodzi pamsewu, ndipo mkulu wake idamuyendetsa mpaka ku Canada atakalamba. Mwana amenye mpira ndithu, koma sukulu, khasu kapena luso lina lamanja asalitaye. Ndipo Lamulungu likudzali, mukaona ana akuthamangitsana ndi chikulunga pabwalo la sukulu, auzeni kuti Eusébio asadatchuke kudali Matateu, ndi kuti iyenso adayamba wopanda nsapato ngati iwo.